Mbuzi Inandilirira Paphiri la ku Hatta

Moni abale anga mwa Ambuye, a kuno ku Al Qusais ndi akumudzi komwe. Ndine mlonda uja mumati ndikayankhula pageti, ogona kukampu yonse amadzuka. Lero ndikuuzeni za tsiku limene mawu anga anandithawa imfa ili pafupi.

Tsiku la ofu anyamata akukampu ananditenga kumapiri a ku Hatta kukaona linga lakale la Aluya. Ndi miyala yongosanjikiza, yopanda simenti, malo ena ndi ogumuka, ndipo palibe anaikonzapo. Ine wobadwira m'tsinde mwa Mulanje ndinaseka. Phiri lopanda ndi mtengo womwe! Ndinawauza kuti, "Yalla, tiyeni ana inu, mukandipeza kugalimoto," ndipo ndinakwera pamwamba pa khoma la lingalo n'kuwasiya.

Nditakhota, mwala unasuntha. Ndinagwera kuseri, pakamalo kopapatiza, chimwala n'kundipana mwendo. Kumunsi kunali phompho. Ndikagwedezeka pang'ono, timiyala tinkagubuduka osamveka pofikira, ndipo khoma lotsala linali litandiweramira pamutu. Botolo la madzi linapita, foni inalibe netiweki.

Ndinakuwa, abale, ndinakuwa. Anyamata aja anadzera njira ina poganiza kuti mdala watsogola. Dzuwa la kuno mukulidziwa. Lilime linauma gwa, ndikati ndiitane kumangotuluka mpweya. Ndinaona mkazi wanga ku Phalombe akulandira uthenga wopanda maliro oti aike. Ndinapemphera chamumtima kuti, Ambuye, mawu munandipatsa aja atha, ndibwerekeni ena.

Posakhalitsa ndinamva kaphokoso pamiyala. Ndinati basi, khoma likubwera. Koma inali mbuzi, yaubweya wautali, ikundiyang'ana. M'thumba la malaya ndinali ndi mtedza wamchere. Ndinauika m'dzanja n'kulitambasula, mbuzi ija n'kumasendera. Itangoti inyambite ndinaigwira mwendo wakumbuyo monga tinkachitira kubusa. Inalira! Inkakoka kulowera kuphompho, miyala ikugwa, ine ndafumbata basi, maso nditatseka. Phiri lonse linamva.

Anatulukira mwini wake, nkhalamba ya ku Pakistani, ndodo m'mwamba, akukalipa poyesa kuti ndi wakuba. Ataona mwendo wanga anangoti, "Ya Allah, baba!" Anandimwetsa madzi ake, anatukula chimwala chija ndi ndodo yomweyo, nandikoka pang'onopang'ono. Titangochokapo, khoma lija linagumukira pomwe ndinagona.

Ndinangoti shukran, shukran, zikomo wakunoyu, chifukwa china sitinkamvana.

Lero ndikuyenda, motsimphina inde, koma pageti ndabwerera ndipo mawu abwerera onse, ofuna kudandaula adandaule. Ndikuthokoza Mulungu, ndikuthokozanso nkhalamba ija. Iwe m'bale wapanidwa kuno kuchilendo, ukuitana osamveka, usaleke kupemphera. Amene anandibwereka kukhosi kwa mbuzi sangasowe chokubwereka iwe. Ameni.