Funso la Pampu

— Halo? Ndi aphunzitsi a zamakina?

— Eya, ndine. Ndikulankhula ndi ndani?

— Mayi ake a mtsikana wamtali uja, wa m'kalasi mwanu. Mwadzuka bwanji?

— Ndadzuka bwino, kaya inu mayi?

— Tadzuka. Kunyumba?

— Onse ali bwino. Kaya kwanu...

— Basi, mayunitsi ndi ochepa. Mayeso mwawapatsa ana aja ndi otani? Mwana amamasula injini osayang'ana, inu mukumufunsa kuti pampu ikaleka kukoka madzi angaganize chiyani. Kuganiza n'kukonza?

— Timafuna tione ngati amatha kufufuza vuto okha, osati kungoloweza.

— Chabwino. Muwonjezereni mamalikisi.

— Sizitheka, mayi.

— Pang'ono pokha. Geti la kwanu adzakuwotchererani ulere.

— Mayi...

— Ndi mawindo omwe.

— Tamverani. Mayeso aja sawerengedwa. Timayesa mafunsowo, ngati ndi oyenera. La pampulo mwina tilichotsa, kalasi yonse lawagwetsa.

— Mwati chiyani? Netiweki ikudula.

— Ndati sanalephere. Timayesa mafunso.

— Pa mwana wanga? Bwanji osawauza?

— Tikawauza amangolemba mwamasewera, ndiye sitidziwa kanthu.

— Iye sanasewere. Walira mpaka maso kutupa. Ovololo wapatsa mlongo wake, masipanala wasiya pansi pa bedi. Akuti mutu wake si wa makina.

— Ali kuti pano?

— M'basi. Ine ndili pa depoti pompano. Akupita kukalera ana kwa azakhali ake, ndipo amene aja akagwira munthu samubweza. Muuzeni nokha zimene mwanenazi.

— Ndiye pavuta. Kalasi ina ilemba mawa. Akauza anzake, ntchito yonse yawonongeka. Muuzeni inu kuti adikire kaye.

— Ine? Andiyankha kuti amayi, inu sukulu munalekezera pati? Wandiyankha kale chomwecho.

— Akulu a sukulu akamva ndaulula...

— Sauza munthu. Foni yake ndisunga ine, ndimutsekera m'nyumba mpaka kalasi inayo ilembe. Inu mawu awiri okha: sunalephere, tsika.

— Mayi, mukundiika pamoto.

— Ine ndili pamoto kale. Dalaivala wakwera, bambo.

— Chabwino, mupatseni foni.

— Musadule. Iwe kondakitala, usatseke chitseko! Ali kumbuyo, pawindo. Foni ikulira, mayunitsi akutha, mundiyimbire inuyo.

— Ndikuyimba pompano.

— Iwe, tsegula windo. Aphunzitsi ako awa. Tatsegula, mwana iwe, ndiku...

— Halo? Mayi? Halo?