Lona wa Orval ndi Lamba wa Delmer

Tirigu wa Orval Lindgren anali atacha, mitambo ikuda kumadzulo, koma mkuluyu anakana kubwereka makina atsopano kwa mnansi, ati akolola ndi akale omwe anasiya bambo ake. Chinatsala n'kumanga malona awiri okweza tirigu kuchoka pa mipeni kulowa m'kati, omwe mkazi wake ankati anafupika, choncho anakwawira kunsi kwa makinawo, mlamu wake Delmer ataima pamwamba ndi nsonga ya lona woyamba.

"Alamu, kokerani kumanja," anatero Orval.

Delmer anakoka. Lona anapulumuka m'manja mwa Orval.

"Ndati kumanja."

"Kumanja kwanga n'kumeneku. Inu mwagona chagada."

"Kumanja kwa makina, munthu inu."

Delmer anawayang'anitsitsa makinawo. "Alibe manja awa."

"Basi, bwezani pomwe anali. Tsopano mangitsani lamba."

Pamwambapo panamveka kubuula.

"Mwamangitsa?"

"Mpaka bowo lomaliza. Kupuma kukuvuta."

"Nanga lonayu ali lende bwanji?"

"Lonayo sindinamukhudze."

Orval anamenya chitsulo ndi sipanala. "Lamba wa lona! Wa m'chiuno mwanuyo vulani, mutayire kutali, asatisokonezenso."

Delmer anavula n'kuponya pakati pa tirigu. Thalauza anaigwira ndi dzanja lamanzere.

"Ndikukankhirani malamba pa mpatapa," anatero Orval. "Aliyense amene atulukire, mangani."

"Aliyense?"

"Aliyense."

"Watuluka wina wabuluu."

"Sindinafunse mtundu. Komanso lonayu sanafupike, amanama alongo anu. Mangani, muzungulitse gudumu. Ndi manja awiri."

"Awiri?"

"Muli nawo angati?"

Delmer anagwira ndi awiri. Thalauza inatsikira ku akakolo, gudumu linazungulira, ndipo Orval anayamba kukhwekhwerezeka ndi msana mpaka chipumi chinagunda thabwa.

"Imani! Mwamanga lamba wa ovolosi yanga."

"Wabuluu uja. Ndidule?"

Orval anatukula dzanja n'kugogoda lonayo. Analira ngati ng'oma. Anagogodanso.

"Osadula," anatero motsitsa mawu. "Chiyambireni sanakungikepo chonchi."

"Ndiye mukhala momwemo? Tirigu tizikolola mukukokeka pansi?"

Orval anamasula mabatani, n'kudzisolola mu ovolosi ngati njoka yofundula. Anatuluka ndi kabudula wam'kati ndi jombo, mankhusu ali tho m'tsitsi, naima monyadira manja m'chiuno.

"Mwaona? Ndinanena kuti lona ameneyu akwana."

"Wakwanadi."

Dontho loyamba la mvula linagwa pa chitsulo. Orval anayang'ana lona wachiwiri, wofupika kuposa mnzake, kenaka anayang'ana mlamu wake.

"Pitani mukasake lamba wanu uja."

"Munati kutali, ndiye ndinaponyadi kutali." Delmer analoza kumsewu. "Koma alongo anga ndi awo akubwera ndi khofi. Epuloni yawo ili ndi zingwe zazitali. Ine ndilowa kunsiku, muwapemphe ndinu."