Mipando yobwereka

Ndinali pa siteji ya Bolero, mwana ali kumsana, makutu anga ali tcheru. Pabenchi, mayi wachikulire anayamba kucheza ndi bambo amene anamusunthira malo.

"Ulendo wakuti, mama?"

"Kukagulira mwana wanga Ungweru chikwama. Amalemba nthano. Anapempha thandizo la ovutika kuti akaphunzire zolembalemba ku Mzuzu, koma ine ndikanamuwonongera."

"Bwanji?"

"A bungwe anatuma munthu kudzaona ngati tilidi osauka. Ine ndinabwereka mipando kwa aphunzitsi, makapu kwa abusa, n'kupha nkhuku."

"Mama! Kuphera nkhuku munthu wodzayeza umphawi?"

"Nanga mlendo akhale pansi, dada? Ndine wa Umanyano wa amayi kutchalitchi ine."

"Basi anamukana."

"Atadya, mlendoyo anayamba kuyamikira pakhomo, ine mtima phaa! Ungweru anangogwada, amvekere, 'Bwana, pobwerera mundinyamulireko mpando uwu. Kwa eni ake ndi panjira panu pomwe.'"

"Ananyamuladi?"

"Iwiri! Ungweru ali pambuyo ndi makapu. Dzulo a bungwe aimba foni, amutenga."

"Mwana wanzeru chomene ameneyo. Wanena zoona osawavula mayi ake. Musiyeni azilemba."