A Vandi Jusu ndi Jinja wa Achemwali Awo

Malemu amene tagoneka apawa, Bambo Vandi Jusu, anabadwa pa 9 Malichi 1949 m'mudzi wathu uno, kufupi ndi Kenema. Mayi awo atamwalira mu 1955, amene anawalera ndi achemwali awo, Mayi Baindu, omwe ankagulitsa chakumwa cha jinja pamsika kuti mlongo wawoyo apite kusukulu.

Sukulu anayamba mu 1956. Mu 1974 anamaliza maphunziro a zaumoyo ku Freetown, ndipo mu 1979 anayamba kuphunzitsa ku Bo phunziro loyamba la kafalidwe ka matenda. Inu amene munadutsa m'manja mwawo, ndakuonani mwakhala kumbuyoko, mukukumbukira mafunso awo atatu: wadwala ndani, wadwalira kuti, wayamba liti. Vuto linali lakuti mafunsowo ankabwera nawo kunyumba. Ukangoti mutu ukundiwawa, m'malo mokupepesa, iwo ankafuna kudziwa zimene unadya dzana ndi amene unadya nawo. Enafe tinaphunzira kudwala mobisa.

Mu 1981 anakwatira Mayi Yeabu a ku Makeni. Tisabise, abale anga, mtundu wathu sunawalandire ndi manja awiri, poti anali ochokera kumpoto.

Mu Disembala 1986 tinali ndi ukwati wa msuweni wathu pabwalo lomwe lino. Mayi Yeabu anaphika mpunga ndi chigwada, Mayi Baindu anakonza jinja. Kutacha, theka la mudzi linali pamzere wakuchimbudzi, mkwati ali patsogolo. Dzuwa lisanapendeke mlandu unali utagamulidwa kale: ndi chigwada cha mlendo. Akuluakulu a banja anauza malemu kuti mkaziyo abwerere kwawo.

Malemu sanavomere, komanso sanakangane ndi munthu. Anapita ku Bo n'kubwera ndi ophunzira awo a chaka choyamba. Anatiimika tonse pansi pa mitengo ya mango iyo, odya chigwada uku, osadya uko, kenaka n'kunena kuti odwala akweze manja. Manja anachuluka chimodzimodzi mbali zonse ziwiri. Anatigawanso pa mpunga, anatigawanso pa nyama, ena akupempha chilolezo chothamangira kuseri. Atafika pa jinja, kumbali ya osamwa kunakwera manja a abambo awiri okha, amene analumbira kuti salawa kanthu pa ukwatiwo chifukwa cha mkangano wa malire a munda. Ophunzira atawapanikiza, abambowo anaulula kuti adzukulu anawazembetsera botolo kunyumba.

Madzi a jinjayo anali a pachitsime chakale, osawiritsa. Malemu ananena zimenezi pagulu, achemwali awo ali pomwepo. Mayi Baindu anangoti, "Vandi, jinja yemweyu ndi amene anakugulira nsapato ndi Chingerezi chako chonsecho. Lero wasanduka poizoni?" Banja la malemu linapulumuka, koma kuyambira tsikulo achemwali awo sanawayankhulenso.

Chimene chinakulitsa bala ndi chakuti malemu ankaphunzitsa nkhaniyi chaka chilichonse, sabata yoyamba. Dzina sankatchula, ankangoti mayi wina wa kufupi ndi Kenema. Koma Mayi Baindu akapita kuchipatala chilichonse, ngakhale ndi bondo, achinyamata ovala zoyera ankawafunsa mwaulemu ngati masiku ano madzi amawiritsa.

Nkhondo yapachiweniweni ya m'dziko muno inabwera n'kutha. Mu 2009 malemu anapuma pantchito. Mu 2014 anadzukanso kukathandiza ophunzira awo akale kulondola amene anakhudzana ndi odwala Ebola, ndipo mliriwo nawo unatha. Koma kusayankhulana kwa awiriwa sikunathe, ndipo kunkawadya malemu mumtima. Anandiuza kuti zoona akanazinenabe, koma akanayamba apita kunyumba kwa achemwali awo asanaime pabwalo.

Mu Ogasiti 2023 anayamba kudwala mtima, ndipo mu Okutobala anagonekedwa m'chipatala ku Kenema. Pa 2 Novembala, Mayi Yeabu, osauza aliyense, anakwera njinga yamoto kukatenga alamu awo. Mayi Baindu analowa m'chipinda ndi ndodo dzanja ili, botolo la jinja dzanja ilo. Anati, "Sindinabwere kudzapepesa ine. Dzuka, imwa." Tonse tinadikira kuti malemu afunse kumene madzi a jinjayo anatungidwa. Malemu sanafunse kanthu. Anamwa yense, n'kunena kuti shuga wachepa. Anakangana za shugayo mpaka madzulo, atagwirana manja.

Anatisiya m'mawa wa pa 5 Novembala. Madokotala atsimikiza kuti ndi mtima, choncho pasapezeke wina woyambitsa nkhani.

Malemu asiya mayi akunyumba, Mayi Yeabu, ana anayi, Lahai, Jattu, Nyanda ndi Sorie, komanso adzukulu asanu ndi awiri. Asiyanso achemwali awo, amene mukuwaona akhala mphasa imodzi ndi mayi amasiye.

Tikuthokoza anamwino amene anapirira mafunso awo mpaka tsiku lomaliza, ophunzira amene mwanyamula bokosi, adzukulu okumba manda, amayi ophika, ndi nonse amene mwabwera kudzalira nafe. A Vandi, mwapita mutayankhulana ndi achemwali anu. Mzimu wanu uuse mumtendere.