Amene Anaima Kumbuyo Kwanga

Abusa, ndakulonjerani. Akulu a mpingo, amayi anzanga a chigwirizano, achinyamata kumbuyoko, moni nonse m'dzina la Ambuye wathu Yesu. Aleluya! Aa, mukuyankha ngati simunadye m'mawa uno. Aleluya! Eya, imeneyo ndiye Ameni.

Ndikufuna kuchitira umboni. Kwa alendo amene simundidziwa, ine ndine Nangozo wa konkuno ku Mlangeni, ndimakhala kuseri kwa chigayo. Sukulu ndinalekeza Sitandade faifi. Ndanena dala zimenezi kuti mukamva nkhaniyi musati ndi nzeru zanga.

Chaka chatha mwana wanga Chisomo analephera mayeso a Sitandade eyiti. Pakamwa panga mukupadziwa, sipagona mawu. Ndinamukalipira mwana uja, ndinamutchula waulesi, ndinamutchula zambiri zimene sindingabwereze m'nyumba ya Mulungu muno. Nditatopa ndi pomwe anati, "Amayi, zimene zinabwera pa mayeso aphunzitsi anaphunzitsa ine ndili kumunda, ndikutola kachewere."

Abale, mawu amenewo anandikhala pamtima ngati mwala.

Inu nonse mukudziwa mmene zimakhalira kuno. Kachewere amakhwima nthawi imene ana akukonzekera mayeso. Magalimoto a ogula akangoima pamsewu, akuluakulu amakumba, ana amatola. Mwana savuta ganyu, msana wake sutopa msanga. Ndiye m'kalasi mumatsala aphunzitsi ndi mabenchi. Kodi ndikunama? Amayi apo mukuyang'ana pansi, ndikunama?

Ndinapita kwa ahedi kukafunsa chifukwa chake salankhulapo. Anati, "Mayi, nkhani imeneyi ndi ya komiti ya sukulu. Ndainena kangapo, koma imathera pomwepo. Masankho a komiti ali mwezi wamawa. Bwanji muimepo inuyo?" Ndinaseka. Ndinaseka chifukwa wapampando wa komitiyo anali amalume anga, mlongo wawo wa amayi. Anakhala pampando umenewo kuyambira Chisomo akukwawa. Munda waukulu wa kachewere kuno ndi wawo, ndipo ana ambiri ankakatola kumeneko. Komanso bambo anga atamwalira, anandilera ndi iwo. Ankhoswe a banja langa ndi iwo.

Sindinathamangire masankho ayi. Ndinayamba ndapita kwawo, ndinagwada bwinobwino, ndinati, "Amalume, bwanji ana aziyamba apita kusukulu, kumunda azibwera akaweruka?" Anandiyang'ana, anati, "Nangozo, kachewere sadikira belu. Kodi iweyo unakula ndi choko kapena ndi kachewere?" Ndinangodzuka n'kubwerera kunyumba, chifukwa ndinakuladi ndi kachewere wawo.

Ndinapemphera masabata atatu. Ndinkati, Ambuye, tumani wina. Tumani wophunzira, tumani mwamuna, tumani amene si mbale wawo. Koma ndikatsegula maso, ndinkaona Chisomo atakhala pakhonde ndi makope akale. Mapeto ake ndinakalembetsa dzina.

Dzuwa lisanalowe tsiku lomwelo amayi anga anali atafika, ndi ndodo yawo ija. Sanalole n'kukhala pansi komwe. Anati, "Iwe, unamva kuti mwana akupikisana ndi malume ake? Ukandichititsa manyazi pamaso pa mlongo wanga, usadzapondenso pakhomo panga." Anatembenuka, napita.

Abale, amayi anga ndi amodzi, ndipo akalamba. Ndinkadziwa kuti ndikaima ndiwataya. Ndikasiya, mwana wanga abwereza kalasi n'kudzalepheranso chimodzimodzi. Ndinkalira ndikusinja, ndinkalira ndikutunga madzi. Sindikubisirani, ndinali ndi mantha.

Tsono alendo mumvetse mmene timasankhira kuno. Sitiponya mapepala ayi. Opikisana amaima moyang'ana khoma la kalasi, ndipo anthu amandanda kumbuyo kwa amene akumufuna. Masana, poyera, aliyense akuona kuti uje waima kwa uje. Wogwira ganyu kwa amalume angaime bwanji kumbuyo kwa wina, iwo n'kudzamuona? N'chifukwa chake zaka zonsezi panalibe wopikisana nawo.

Tsiku linafika. Makolo tinadzaza bwalo la sukulu. Ahedi anati wopikisana aliyense alankhule kaye. Ine ndinalankhula za ana, ndinalankhula mpaka kutentha, ndinati pali anthu ena amene akuba ana m'kalasi. Ena anaomba m'manja. Mumtima ndinati, eya, lero ndawauza.

Amalume anaimirira mosapupuluma. Sanakweze mawu. Anati, "Mwana wa mlongo wangayu walankhula bwino. Koma tamufunseni. Kachewere wa m'munda wake wa kudambo uja, anatola ndani?"



Abale, zinali zoona. Ine ndemwe ndinatenga ana anayi a anzanga, Lachitatu ndi Lachinayi, sukulu ili mkati. Sindinaiwale ayi. Ndinkangodziuza kuti wanga ndi munda waung'ono, masiku awiri si kanthu. Mundikhululukire abusa, koma tinali anyani osekana zikundu.

Satana anandinong'oneza kuti, kana, unene kuti linali Loweruka, ndani akukumbukira? Pakamwa panga pomwe pano panali patakonzeka kale. Koma ndinaona Nachisale atakhala kutsogolo, mayi wa mmodzi mwa ana anayi aja, ndipo mwana wakeyo analephera pamodzi ndi wanga. Ndinagwada pafumbi pomwepo. Ndinati, "Amalume anena zoona. Ndinawatenga ana aja. Nachisale, ndikhululukireni, ndinamudyera mwana wanu masiku awiri. Sindikuima pano chifukwa ndine woyera ayi. Tonse tadya ana athu. Chimene ndikupempha n'chakuti tigwirizane, mwana asapezeke m'munda wa munthu belu loweruka lisanalire. Ndikadzaphwanya ine, mudzayambe ndi ine."

Palibe anaomba m'manja. Ahedi anangoti, "Opikisana, yang'anani kukhoma."

Ndinaima. Khoma lija ndinalidziwa tsiku limenelo, njerwa iliyonse. Kumbuyo ndinkangomva mapazi, fumbi likulowa m'mphuno, ndipo mapazi onse ankamveka ngati akupita kwa amalume. Kutembenuka saloleza. Ndinati, Ambuye, ndataya amayi, ndataya amalume, ndadziyalutsa pagulu, ndipo mwina kumbuyo kwangaku kuli mphepo yokha. Koma ndikuuzeni chodabwitsa. Mtima wanga unali utapepuka. Kwa nthawi yoyamba sindinkafuna kugonjetsa munthu. Ndinkangofuna kuti ana aphunzire, kaya pampando pakhala ndani.

Anawerenga. Anawerenganso kachiwiri. Kenako anati, "Tembenukani."

Munthu woyamba kumbuyo kwanga, pafupi moti ndikanawaponda, anali amayi anga. Atatsamira ndodo yawo, maso ali pansi. Kumbuyo kwawo Nachisale. Kumbuyo kwa Nachisale amayi ambirimbiri, ndi abambo angapo amene anali atavula zipewa n'kubisa nkhope. Mzere wanga unapambana ndi anthu owerengeka chabe. Ndisanatsegule pakamwa, amayi anga anali atanyamuka kale, osandiyang'ana.

Musaganize kuti zonse zinakhala uchi. Chaka chino kachewere wanga wina anawolera m'nthaka chifukwa ndinalibe manja okwanira. Ena munandinena kumsika, ndinamva, ndipo ndakukhululukirani. Komiti inakhazikitsa lamulo la belu lija, ndipo amalume analisunga, anakatenga amuna akuluakulu ku Kandeu kudzawatolera, koma mpaka lero ndikawapatsa moni amayang'ana kumbali. Zimandipweteka. Anandilera anthu aja. Muwapempherere, mundipemphererenso ine, chifukwa nkhani imeneyo Mulungu sanaimalize.

Koma nthawi yokumba itafika, ndinapita kusukulu Lachitatu m'mawa, ndinasuzumira pawindo la Sitandade eyiti. Munali modzaza, ena atakhala pansi. Ndipo sabata yathayi zotsatira zatuluka. Chisomo wakhoza, wasankhidwa kupita ku sekondale. Mwana wa Nachisale nayenso wakhoza.

Ndinapita kukawauza amayi. Chichitikireni masankho aja sanandithamangitse pakhomo pawo, koma nkhaniyo sitinaikhudzepo. Tsiku limenelo ndinalimba mtima. Ndinati, "Amayi, munati ndisadzapondenso pano. Nanga bwanji munaima kumbuyo kwanga?"

Anati, "Ndinabwera kudzaima kwa mlongo wanga. Koma utagwada paja, miyendo inanyamuka yokha. Ine ndi malume ako tinayamba sukulu tsiku limodzi. Kachewere atakhwima, atate anati mmodzi atsale azitola, adzabwerera tikamaliza kukolola. Wotsalayo ndinali ine. Mpaka lero sitinamalize kukolola."

Zaka zonsezi ndakhala mwana wawo, sindinkadziwa. Ndinkangoona akudinda chala pamene ena akulemba dzina, osafunsa.

Ndiye ndaima pano kuthokoza. Zikomo Yesu pondichititsa manyazi tsiku lija, chifukwa manyazi amenewo ndi amene anandipulumutsa. Zikomo chifukwa cha ana athu. Zikomo chifukwa cha amayi anga, ali apo pa benchi lachitatu, akundikodola kuti ndikhale pansi. Sindikhala, amayi, mpaka mpingo uimirire. Imirirani abale, kondwerani nane! Amayi a chigwirizano, nthungululu zija mukusungira ndani? Chisomo, agwire dzanja agogo ako, uwaimiritse bwinobwino. Mwezi wamawa akukuperekeza okha mpaka pakhomo la kalasi. Aleluya! Ameni.