Mafuta a Makina Osokera mu Wotchi ya Aphunzitsi

Malemu bambo athu anabadwa pa 14 Malichi 1949, achiwiri m'banja la ana asanu. Atamaliza pulayimale, mu 1967 anayamba kuphunzira kukonza mawotchi kwa mkulu wina wa diso limodzi. Mu 1974 anatsegula kashopu kawo pakati pa telala ndi wometa tsitsi, ndipo pa 9 Ogasiti 1975 anakwatira amayi athu.

Pa ntchito yawo analibe chibwana. M'wotchi ya m'thumba muli kagudumu kamene kamapita uku ndi uku, kali ndi sipuling'i yopyapyala ngati tsitsi la khanda. Iwo ankati umenewo ndiwo mtima wa wotchi, ndipo sankaukhudza ndi chala. Wotchi akaikonza ankaivundikira ndi tambula masiku asanu ndi awiri, kuimvetsera m'mawa uliwonse, isanapite kwa mwini wake.

Mu 2021 anapezeka ndi matenda a shuga. Manja anayamba kunjenjemera, ndiye tebulo lawo la ntchito tinalisamutsira m'chipinda chochezera, pafupi ndi zenera.

Anamfedwa, mutikhululukire, apa pali mawu owawa. Mu Juni chaka chatha Aphunzitsi opuma anabweretsa wotchi ya agogo awo, imene inkangoima. Malemu anapeza kuti kamtengo kachitsulo kamene kagudumu kaja kamazungulirapo kapindika kunsonga. Anakawongola milungu itatu, galasi lili padiso, mpweya ataugwira. Wotchi inadzuka. Anaivundikira.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi kunabwera wachibale kudzazonda matenda. Malemu atalowa kukapuma, munthu wamkuluyo, ndevu zili mbuu, anavundukula tambula, natsegula wotchi ndi chikhadabo chakuda, ati ikumveka youma. Anatenga botolo la mafuta a makina osokera a amayi athu, nadonthezamo madontho atatu, zala n'kupukutira pa nsalu ya patebulo. Zonyansa! Mwana wamkazi wotsiriza wa malemu, amene walemba mbiri ino, anali pakhomo, khanda lili kumsana. Anaona zonse. Koma angadzudzule bwanji wamkulu? Anangobwerera kukhitchini.

Mawa lake Aphunzitsi anatenga wotchi yawo. Mafuta anali atamatiriza sipuling'i ija, moti wotchi inkathamanga maola awiri pa tsiku. Anaibweza akukalipa pakhonde, anthu akumva. Kuyambira pamenepo msewu wonse unayamba kunong'ona kuti mkuluyu watha, akungopha mawotchi a eni. Ena ankawayeseza kunjenjemera kwa manja ali pa wometa tsitsi. Ena mwa iwo tawaona lero akulira mokweza kuposa ife.

Malemu atangotsegula wotchiyo anainunkhiza, nayang'ana botolo lija, kenako mwana wawo wotsiriza uja. Analolera kuti dzina lawo la zaka makumi asanu lidetsedwe, kusiyana ndi kuchititsa manyazi m'bale. Kwa miyezi ingapo anatsuka sipuling'iyo ndi benzini, kulekanitsa mizere yake umodziumodzi ndi singano, dzanja lina litagwira linzake. Pa 2 Febuluwale anaivundikiranso. Pa 5 anagonekedwa kuchipatala, ndipo anatisiya pa 8 Febuluwale, latsala tsiku limodzi kuti masiku awo aja akwane.

Mwana wawo uja ndiye wakhala akuipukusa m'mawa uliwonse. Lero ndi tsiku lakhumi. Sinatsale, sinathamange. Aphunzitsi, wotchi yanu ili patebulo apo, pansi pa tambula. Muiyerekeze ndi foni yanu anthu akuona, monga anthu ankamva tsiku lija pakhonde.

Malemu asiya amayi athu, ana anayi ndi zidzukulu zisanu ndi zinayi. Tikuthokoza anamwino, atelala amene ankatiperekeza kuchipatala, ndi nonse amene mwatigwira dzanja. Amene anathira mafuta aja akhala pakati pathu pano. Dzina sititchula, poti malemu eni ake sanatchule.

Bambo, mwana wanu anachedwa kuyankhula. Usani mumtendere.