Chakudya Chopanda Maliro

Ine, Felistus Njobvu, wa zaka 71, wa m'mudzi wa Chimtengo, mfumu Kawaza, boma la Katete, wokhala ku Chawama mu Lusaka, nyumba yachitatu kuseri kwa chigayo, mkazi wamasiye wa malemu Enos Njobvu, wogwira ntchito ya m'nyumba, ndikunena izi. Sukulu sindinapiteko, ndiye ine ndikulankhula, abwana apolisi akulemba.

Pa tebulo apa pali zinthu zanga zitatu: kachitsulo ka nambala, chibangili chachitsulo, ndi chitambala cha mtundu wa lalanje. Panja pali poto wanga wamkulu. Anthu a m'komboni akuti zonsezi ndi za Satana, ndipo akuti ndisaphikenso. Ndinena mmene chilichonse chinabwerera.

Ndagwira ntchito zaka 27 kwa ba Bibi Surinder, mayi wachimwenye wa mpingo wa Asikhi, aja amuna awo amamanga nsalu kumutu. Ba Bibi ndi okalamba kuposa ine, amayenda pa njinga ya olumala, ndipo Chinyanja amachidziwa. Mwezi wa Febuluwale chaka chino mwana wawo anawatumiza ku India kukaona abale. Iwo anati, "Popanda Felistus siniyenda. Ndani aziba mapilisi yanga?" Mwana wanga Towera anandigulira nsapato zakuda zatsopano ku msika wa Kamwala. Tinakwera ndege mpaka mzinda wa Delhi.

Titakhala sabata imodzi, tinalowa gulu la anthu khumi ndi awiri lopita ku Amritsar, mzinda wa kachisi wamkulu wa Asikhi. Ulendo unali wa masiku awiri. Wotitsogolera anali ba Harjit, bambo wa ndevu za imvi, wonyamula kambendera pa ndodo kuti tisasochere. Zonse zimene ankanena, ba Bibi ankanditanthauzira. Anatiuza malamulo atatu a ku kachisi: kuvula nsapato, kufunda kumutu, ndi kusalowa ndi fodya. Ponena lachitatu ba Bibi anandiyang'ana, chifukwa ine ndimanunkhiza nsunko. Kabotolo kanga kanatsala ku hotela.

Sitima inanyamuka itangopitirira 7 koloko m'mawa. Bwana, ine sitima ndinaikwerapo kamodzi kupita ku Kitwe, ndili chilili ndi mwana kumsana. Iyi munthu aliyense mpando wake, wofewa, wogoneka kumbuyo, mphepo yozizira ikutuluka kudenga. Anabweretsa tiyi, ndinakana. Anabweretsa buledi ndi dzira, ndinakananso. Ba Bibi anati, "Iwe idya, vili mu tiketi." Ndinadya zanga, ndi za ba Bibi zomwe anasiya. Pazenera minda yokhayokha ya tirigu, yosalala ngati tebulo, maluwa achikasu, ndi ng'ombe zakuda za nyanga zopindika zofanana ndi njati. Phiri sindinalione ndi limodzi lomwe. Tinafika itakwana 1 koloko ndi theka.

Cha m'ma 3 koloko ba Harjit anatitengera ku kachisi. Pakhomo anandipatsa chitambala ichi, chifukwa changa chinali chachifupi. Chimenecho ndi chinthu choyamba.

Pali nyumba yosungira nsapato, ya mazenera ambiri. Pa zenera langa panali bambo wamkulu wa wotchi yonyezimira. Anatenga nsapato zanga ndi manja awiri, anazipukuta fumbi ndi kansalu, n'kundipatsa kachitsulo ka nambala. Ndinafunsa kuti amalandira zingati pa ntchito imeneyo. Ba Harjit anati salandira kanthu, ndi dokotala wa mano, amabwera yekha akaweruka. Lembani zimenezo bwana, dokotala anapukuta nsapato za Felistus.

Tinaponda m'kangalande ka madzi kusamba mapazi, tinatsika masitepe, ndiye ndinaiona. Nyumba ya golide, itakhala pakati pa dziwe lalikulu ngati mabwalo a mpira angapo, ina pamwamba ina m'madzi chozondoka. M'madzimo nsomba zofiira, utali wake mkono wanga wonse, palibe wozigwira. Ndinaima, anthu akundilambalala, mpaka ba Bibi anandimenya ndi ndodo pa mwendo kuti ndikankhe njinga. Ba Harjit anandijambula pamenepo, chithunzi anatumiza pa foni ya Towera.

Kenako anatilowetsa m'nyumba yodyera. Munthu wina anandipatsa mbale yachitsulo, wina supuni, wina kambale ka madzi. Tinakhala pansi pa mikeka m'mizere, anthu ochuluka kuposa msonkhano wa chipani. Kumanja kwanga kunali mayi wa ndolo zagolide, kumanzere bambo wa malaya ong'ambika. Onse mbale yofanana. Anatithira mphodza, mpunga wa mkaka, ndipo chapati timalandira ndi manja awiri. Ukamaliza akuthiranso.

Ine ndine wa Chigwirizano cha amayi ku tchalitchi, ndaphika pa maliro ambiri. Malo amene anthu ambiri amadya atakhala pansi osalipira ndimawadziwa. Ndinapukuta pakamwa, ndinakonza chitambala, n'kufunsa ba Bibi kuti, "Nanga anamfedwa akhala kuti, tikapepese?" Ba Bibi anaseka mpaka kutsamwa. Atamuuza ba Harjit, iye anayankha kuti, "Palibe wamwalira, mayi. Ndi chonchi tsiku lililonse." Ndinafunsa kuti chiyambire liti. Anati agogo a agogo ake anazipeza.

M'mawa mwake cha m'ma 9 koloko tinabwereranso. Ndinasiyanso nsapato, ndinalandira kachitsulo aka kali apa. Kameneko ndi chinthu chachiwiri. Nambala sindiidziwa kuwerenga, abwana ati ndi 418. Ba Harjit anatipatsa maola awiri kuti aliyense aone zofuna zake, tikumane pa nsanja ya wotchi. Ba Bibi anapita kukamvera nyimbo ndi mdzukulu wa mchemwali wawo. Ine ndinatsata phokoso la mbale.

Kukhitchini kuja, bwana! Mapoto oti ine ndi inu titha kulowamo n'kutsala malo. Amavundula ndi mthiko wautali ngati nkhafi ya bwato. Adyo akusenda anthu makumi, atakhala bwalo. Mbale zikutsukidwa m'mizere, madzi ano, madzi ano, madzi ano, phokoso ngati mvula pa malata. Palibe anandifunsa dzina kapena mpingo. Mayi wina wonenepa anangosendera n'kundiloza malo. Ndinatsuka mbale. Ndinavundula poto. Kenako ndinakhala pa amayi opanga chapati. Ine chapati ndapangira ba Bibi zaka 27. Nditapanga zisanu, mayi uja ananyamula imodzi m'mwamba, anaizungulitsa, anaitana anzake kuti aone. Tinapikisana, iye imodzi ine imodzi, anthu akuwomba m'manja. Chilankhulo chake sindichimva, changa sachimva. Pambuyo pake anavula chibangili ichi pa mkono wake n'kundiveka. Chimenecho ndi chinthu chachitatu.

Wotchi ndilibe. Ba Harjit anandipeza 4 koloko ili pafupi, thukuta lili chuchuchu, kambendera atakapinda. Anali atandifunafuna pafupifupi maola asanu. Sitima inali ya 5 koloko, ndipo pa nyumba ya nsapato panali mzere wautali. Anandigwira dzanja, tinathamanga, tinakwera kanjinga kamoto ka miyendo itatu. Tinafika pa siteshoni anthu akutseka zitseko. Ndinalowa m'sitima yofewa ija opanda nsapato, ufa mpaka m'zigongono. Ba Bibi anati, "Nakuleta kuti upumule, iwe wapeza nchito." Ba Harjit anandipatsa mapatapata ake a m'chikwama, ndipo anati, "Kachitsulo musataye. Mukadzabweranso mudzakaonetse pa zenera." Nsapato za Towera zili komweko.

Tinabwerera ku Lusaka kumayambiriro a Malichi. Ndinapita kwa Desmond Mpundu, wowotcherera zitsulo, amene nyumba yake ndi yanga zatalikirana mayadi makumi atatu. Anandidulira dilamu pakati n'kuikako zigwiriro. Ndiye poto ali panjayo. Mwana wa ba Bibi anandipatsa ufa wa tirigu ndi nyemba. Loweruka loyamba ndinaphika, ndinayala mphasa pabwalo, n'kuitana aliyense wodutsa. Malamulo anga anali awiri: vula nsapato, khala pansi pamodzi ndi anzako. Anabwera anthu asanu ndi anayi. Loweruka lachiwiri anapitirira makumi atatu. Lachitatu mphasa zinachepa, tinayala masaka. Ndinkatumikira nditavala chitambala ndi chibangili, ndipo kachitsulo ndinakapachika pa msomali m'nyumba.

Pa Loweruka lachitatu lomwelo ba Chisala, oyandikana nawo nyumba, anaima pa mpanda n'kufunsa kuti, "Ba Njobvu, malilo ni ya ndani?" Ndinati palibe wamwalira. Iwo anati, "Vakudya va mahala vilibe malilo? Ndiye kuti malilo yabwela. Mufuna afe ndani?" Sindinawayankhe zoipa, chifukwa funso lomwelo ndinalifunsa ine ku Amritsar.

Lachinayi lotsatira ba Levy, mkulu wosoka nsapato pa msika, amene anadya kwa ine ma Loweruka onse atatu, anagwa pa ntchito n'kutengeredwa ku kiliniki.

Loweruka lachinayi, dzana lija, ndinaphika monga mwa masiku onse. Desmond anabwera 12 koloko, anavula majombo, anadya mbale ziwiri. Lembani ziwiri. Cha m'ma 1 koloko kunabwera gulu la anthu ngati makumi anayi kuchokera ku msika, ba Chisala patsogolo atanyamula foni. Pa foniyo panali chithunzi changa chija, chomwe Towera anaonetsa anthu. Ba Chisala ankakuwa kuti, "Onani! Nyumba ya golide mu manzi! Banayenda pansi pa nyanja aba! Bativulisa nsapato kuti batenge mapazi yathu! Ba Levy bafa kudala!" Amene ankadya anataya mbale n'kuthawa, ena ndi nsapato m'manja. Mwala umodzi unaswa zenera la kutsogolo. Amene anauponya sindinamuone.

Desmond anaimirira n'kunena kuti, "Lekani nione mukati." Chitseko chinali chokhoma. Anachimenya ndi phewa kawiri, loko inathyoka. Anatuluka ndi kachitsulo, anakakweza m'mwamba n'kukuwa kuti, "Nambala yao iyi!" Ine ndinati, "Desmond mwana wanga, ndi ya nsapato iyo." Anthu anaseka, ena anatola miyala. Mayi wina amene sindimudziwa anandivula chitambala ndi chibangili. Palibe anandimenya. Galimoto ya polisi inafika patapita mphindi ngati khumi. Munatenga Desmond, zinthu zitatuzi, ndi poto nyemba zili momwemo. Ine ndinakagona kwa Towera ku Kanyama masiku awiri.

Lero m'mawa ndisanabwere kuno ndinadzera ku kiliniki ndi Towera. Tinakumana ndi ba Levy pa geti akutuluka, akuyenda okha. Anamwino anawauza kuti ndi matenda a shuga, ndipo tsiku lomwe anagwa anamwa mankhwala osadya kanthu. Pepala lake ali nalo m'thumba. Atandiona sanandipatse ndi moni womwe, anangofunsa za Loweruka kuti, "Ba Njobvu, pa Chisulo muphika?"

Mwandifunsa ngati ndikufuna mlandu upite ku khoti. Ayi. Desmond mumutulutse. Loko wathyola yekha, akonze yekha, ndi ntchito yake, ndipo Loweruka adzatsuke mbale. Ba Chisala adzasende adyo ngati afuna, malo alipo. Zenera Towera wamata katoni.

Chimene ndikupempha ndi ichi. Poto mundibwezere pofika Lachisanu, chifukwa nyemba zimafuna kunyikidwa. Ndipo Loweruka wapolisi mmodzi abwere ndi yunifolomu adzakhale pa mphasa, anthu amuone akudya. Koma majombo adzavula, lamulo ndi la onse. Kachitsulo mundipatse lero. Si ka boma, si ka Satana, ndi ka nyumba ya nsapato, ndipo ine ndiyenera kukakabweza ndekha n'kutenga nsapato zanga.

Ngati mufuna kuona munthu amene akuti ndinapha, tulukani pakhomo. Ba Levy tabwera nawo, akhala pa benchi yanu panjapo, ali ndi mbale yawo m'pulasitiki.

Zomwe ndikudziwa ine ndi zimenezi. Andiwerengera zonse, ndamva, ndi mawu anga.

Chidindo cha chala chachikulu cha kumanja: Felistus Njobvu
Mboni: Towera Njobvu
Wolemba: Konsitebo K. Mutale